Olde worlde, quaint, rustic, traditional kapena heritage: mulembe chiyani pa chikwangwani cha malo anu?

Mwamanga malo ogona alendo kapena kalesitilanti, kaya ku Cape Maclear, kaya m'mbali mwa msewu wa M1 ku Dedza. Denga ndi la udzu, pakhonde pali mipando ya nsungwi, pakona mwaimika mtondo wa agogo anu. Chatsala ndi kamzere kamodzi ka Chingerezi koti kakhale pa chikwangwani, pa Facebook ndi pa Booking.com. Ife tikati "zachikale" kapena "zamakolo" ndiye kuti tamaliza. Mngerezi ali ndi mawu angapo pamene ife tili ndi awiriwa, ndipo liwu lililonse limamuuza mlendo kuti akapeza chiyani akatsika galimoto. Akapeza zina, amakalemba pa TripAdvisor, tsamba la pa intaneti la ndemanga za alendo, ndipo zomwe walembazo sizifufutika.

Choncho liwu lomwe musankhe ndi ngongole. Funso ndi lakuti nyumba yanu ingathe kubweza ngongole iti.

Miyeso inayi

Mtengo: sindikunena za penti yolembera chikwangwani, koma ndalama zofunika kuti malowo afanane ndi liwulo. Makwacha sinditchula. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thumba la simenti umene mwamva lero sungakuthandizeni mwezi wamawa. Ndingoyerekeza kuti ichi n'chodula kuposa icho.

Kupezeka: zipangizo zake zilipo kufupi? Amisiri ake alipo? Nanga alendo amene amakopeka ndi liwulo amafika kwanuko?

Kusamalira: zomwe muzidzachita chaka ndi chaka dzinja likapita.

Zoopsa: mmene liwulo lingakutembenukireni, kaya kudzera m'ndemanga za alendo, m'malamulo, kapena anthu kungokusekani chamumtima.

Olde worlde

Ndiyambe ndi limeneli chifukwa ndi limene limanyenga anthu kwambiri. Likuoneka ngati Chingerezi chozama, cha m'mabuku akale, koma ndi mawu wamba akuti "old world" owonjezeredwa "e" kumapeto mwadala kuti aoneke okalamba. Ku Britain ambiri amalitchula kuti "oldi woldi", uku akumwetulira pang'ono. Limanena za malo okongoletsedwa kuti aoneke a zaka mazana apitawo: zipupa zoyera zodutsamo mitanda yakuda, siling'i yotsika moti wamtali amaweramira, mawindo ang'onoang'ono, malo osonkhapo moto m'chipinda chochezera, tiyi wa m'makapu amaluwamaluwa. Chithunzi chake ndi midzi ya ku Cotswolds monga Bibury ndi Castle Combe, kapena misewu ya ku Stratford-upon-Avon.

Mnzake wa liwuli ndi "Ye Olde" amene mumamuona pa zikwangwani za mabala a ku England. Apa pali kankhani. Chingerezi chakale chinali ndi chilembo þ, choimira "th". William Caxton atabweretsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, zilembo zachitsulo zomwe osindikiza ankagwiritsa ntchito zinkachokera kutsidya la nyanja ku Ulaya, ndipo zambiri zinalibe þ. Anayamba kuikapo "y" chifukwa m'zolemba pamanja ziwirizi zinkafanana. Ndiye "ye" wa pa chikwangwaniyo ndi "the" basi. Ena mwa malo otchedwa choncho ndi akaledi: Ye Olde Cheshire Cheese ku Fleet Street mu London inamangidwanso mu 1667, moto waukulu wa 1666 utapsereza mzindawo. Ena amakokomeza: Ye Olde Trip to Jerusalem ku Nottingham inalemba 1189 pakhoma, chaka chimene akatswiri a mbiri yakale amachikayikira. Ndipo ena ndi atsopano ovala zachikale, monga sitolo ya Liberty ku London, yooneka ngati ya nthawi ya mafumu a Tudor koma yomangidwa mu 1924 ndi matabwa a zombo ziwiri zankhondo zomwe zinaphwasulidwa.

*Mtengo.* Wokwera kuposa ena onse kupatula heritage, chifukwa mukugula makedzana a dziko lina. Mitanda yokhuthala, zitseko zolemera, mbale ndi makapu ofanana, zokongoletsa zamkuwa. Mukachepetsa ndalama n'kupaka penti yakuda pa simenti kuti ioneke ngati mtanda, mlendo amaona asanakhale n'komwe pansi.

*Kupezeka.* Mitengo ya oak, yopangira mitanda yotereyi ku England, kuno kulibe. Mbawa ndi mlombwa zikusowa, ndipo wokugulitsani ayenera kuonetsa zikalata za ku nthambi ya zankhalango. Mkungudza wa ku Mulanje musauyandikire n'komwe, watsala pang'ono kutheratu ndipo kuudula n'kuphwanya lamulo. Nyengo nayo imasankha. Nyumba zoterezi zinapangidwira kusunga kutentha m'dziko lozizira. Pa phiri la Zomba, ku Dedza, ku Nyika kapena m'minda ya tiyi ku Thyolo mu Juni, moto wa m'chipinda uli ndi ntchito. Ku Mangochi mu Okutobala, siling'i yotsika ndi kawindo kakang'ono ndi uvuni.

*Kusamalira.* Khoma loyera ndi fumbi lathu lofiira sizimvana. Muzipaka chaka chilichonse. Chiswe chimakonda mtanda wobisika m'khoma chifukwa chimadya m'kati inu osadziwa. Chumuni chimafuna kusesedwa, zamkuwa zimafuna kupukutidwa.

*Zoopsa.* Liwuli lili ndi kachipongwe m'kati. Mngerezi akati malo ndi "a bit olde worlde" nthawi zambiri akutanthauza kuti anyanya kudzikongoletsa, chikomekome cha mkuyu. Ali ndi mawu enanso a mtundu womwewo: "twee", kunena zokongola mpaka kutopetsa, ndi "chocolate-box", kuchokera ku zithunzi za timidzi tokongola zomwe zinkajambulidwa pa mabokosi a chokoleti. Mukadzilemba nokha kuti olde worlde, mwadziseka nokha osadziwa. Anthu a ku America saligwiritsa ntchito kwenikweni, ndipo Mjeremani kapena Mdatchi angangoganiza kuti wolemba chikwangwani analakwitsa sipelo. Ngati mukufunadi fungo la ku Ulaya wakale, lembani "old-world charm" popanda ma "e" awiriwo. Amenewo ndi mawu aulemu.

Quaint

Liwuli linachokera ku Chifalansa chakale, "cointe", ndipo muzu wake ndi wa Chilatini, "cognitus", kutanthauza chodziwika. Kalelo m'Chingerezi linkanena za munthu wochenjera kapena chinthu chopangidwa mwaluso. Linasuntha pang'onopang'ono mpaka kufika pa tanthauzo la lero: chaching'ono, chachikale, chachilendo pang'ono, koma chosangalatsa kuchiona. M'Chichewa timaligwira bwino ndi "ka": kanyumba, katchalitchi, kamsika. Mmene "ka" amathera kuyamikira kapena kuchepsa, ndi mmenenso quaint alili.

*Mtengo.* Wotsika, chifukwa silikulamulani kamangidwe. Kanyumba ka zipinda zitatu kokhala ndi maluwa pakhomo ndi khonde losesedwa kakwana.

*Kupezeka.* Siligulidwa ku hadiweya. Malo amakhala quaint kapena ayi. Loji ya zipinda 40 yokhala ndi holo ya misonkhano singakhale quaint ngakhale mutaifolera ndi udzu.

*Kusamalira.* Ukhondo basi, koma wa tsiku ndi tsiku. Chinthu chakale chikakhala choyera amati quaint; chomwecho chikachita chuku amati "run-down".

*Zoopsa.* Ziwiri. Choyamba, ogulitsa nyumba ku Britain ndi ku America analigwiritsa ntchito kwambiri pobisa kuti nyumba ndi yopanikiza, moti owerenga ochenjera akaliona amamva kuti "zipinda n'zazing'ono". Chachiwiri ndi cholemera. Liwuli limanenedwa ndi munthu woima pamwamba akuyang'ana pansi. Mzungu akamva maganizo anu n'kuyankha kuti "how quaint", sanakuyamikireni, wati ndinu otsalira. Ndiye ndimadabwa ndikaona mwini loji Mmalawi akulemba za "quaint village" ponena mudzi woyandikana naye. Mayi amene akusenza ndowa kuchokera kumjigo sakuchita zimenezo kuti akongoletse ulendo wa munthu. Nenani quaint za nyumba yanu ngati mukufuna, koma osati za anthu. Ndipo limakoma kwambiri likatuluka pakamwa pa mlendo kusiyana ndi pa chikwangwani chanu.

Rustic

Ili ndi lochokera ku Chilatini, "rus", kumudzi. Silinena za zaka, limanena za zipangizo: udzu, miyala, matabwa osapala kwambiri, nsungwi, bango, dothi. Nyumba yomangidwa chaka chatha itha kukhala rustic popanda bodza lililonse, ndipo n'chifukwa chake malo ambiri a kunyanja ndi a m'mapaki monga Liwonde ndi Majete amalikonda.

*Mtengo.* Poyamba umaoneka wotsika, koma musanyengeke. Denga la udzu la loji si la nyumba ya kumudzi loyala udzu pa pulasitiki. Limafuna udzu wosankhidwa, wopesedwa, womangidwa mitolo yothinana, wokhuthala, pa denga lotsetsereka pafupifupi madigiri 45 kuti madzi asaime. Udzu wake ndi wochuluka modabwitsa, mapaso ake ndi aatali, ndipo denga lotere lofoleredwa bwino likhoza kudya ndalama kuposa la malata. Onjezani kuti mlendo wofuna rustic amafuna maso ake okha aone zakumudzi. Thupi lake likufuna madzi otentha, matiresi abwino, neti yopanda chiboo ndi potchajira foni. Ndalama zambiri zimathera ku zinthu zomwe siziyenera kuoneka: mapaipi, mawaya, sola ndi mabatire.

*Kupezeka.* Apa ndi pamene rustic amapambana. Udzu, nsungwi, bango, milaza, miyala, zonse n'zathu. Koma udzu uli ndi nyengo yake: umamwetedwa ukauma, cha mu Juni mpaka Ogasiti, moto wolusa usanadutse m'tchire. Mukachedwa mudzaugula modula kapena mudikira chaka china. Amisiri ofolera bwino ndi ochepa, ndipo amakhala atalonjezedwa kale ntchito mvula isanayambe. Pitani mukaone denga lomwe anafolera zaka zisanu zapitazo, osati la mwezi watha. Za njerwa, kumbukirani kuti malamulo a 2018 a bungwe loona za ntchito zomangamanga la NCIC analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda, ndiye ganizirani za miyala, mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi zopsinja pa makina.

*Kusamalira.* Kwambiri kuposa njira zina zonse. Pamsonga pa denga ndi pamene pamayamba kuwola. Makoswe, mileme ndi mbalame zimapezamo malo, anyani amazula udzu posewera. Nsungwi zosaviikidwa m'mankhwala zimafumbwa, mumangoona ufa pansi m'mawa. Mizati yokwiriridwa m'dothi ndi chakudya cha chiswe. Iikeni pa simenti kapena pa mwala. Ikani padera ndalama za denga mwezi uliwonse, ngati mmene mumachitira ndi malipiro a antchito.

*Zoopsa.* Moto. Khitchini ikhale patali ndipo ifoleredwe ndi malata, mawaya adutse m'mapaipi, mphezi muitchingire, tchire lozungulira mulilambule chilimwe chisanafike pachimake. A inshulansi amalipiritsa zambiri pa denga la udzu, ndipo ndi bwino kuwafunsa musanamange. Choopsa china ndi cha liwu lenilenilo: alendo amaligwiritsanso ntchito ponena mwaulemu kuti malo ndi osakonzedwa. Ndemanga yakuti "very rustic" nthawi zina imatanthauza kuti shawa sinatuluke madzi.

Traditional

Kwa ife ili ndiye loona kwambiri, chifukwa makolo akewo ndi athu. Koma limabwera ndi funso lomwe ambiri amalizemba: mwambo wa ndani? Wa Achewa, Ayao, Alomwe, Angoni, Atumbuka, Atonga, Asena? Kusakaniza chishango cha Chingoni, chigoba cha gule ndi nsalu ya Amasai yogula ku Dar es Salaam pakhoma limodzi si mwambo wa aliyense.

*Mtengo.* Zipangizo n'zotsika: mphasa, mikeka, malichero, mitsuko, zipande. Ndalama zimapita kwa anthu. Wophika wodziwa kutendera nkhwani ndi kuphika kondowole wosalala, woumba mbiya, gulu la magule lolipidwa mtengo wogwirizana osati kudalira zomwe alendo aponye m'mbale.

*Kupezeka.* Paliponse, koma kwanu ndiye kwanu. Ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota kondowole ndi malipenga zili pakhomo. Ku Mzimba ndi ingoma. Ku Thyolo ndi ku Mulanje tchopa ndi kalongonda. Chambo si cha tsiku lililonse: kumwera kwa nyanja kumakhala nyengo yotseka usodzi kumapeto kwa chaka, ndiye menyu yanu izidziwa zimenezo.

*Kusamalira.* Mphasa zimatha, mbiya zimasweka, pansi pozira pamafuna kuziranso. Zonsezi n'zotchipa. Chovuta kusamalira ndi ubale ndi mudzi ndiponso amfumu.

*Zoopsa.* Pali zinthu zomwe si zokongoletsera. UNESCO inazindikira gule wamkulu mu 2005 ndi nsima mu 2017, ndipo ena amaona ngati chimenecho ndi chilolezo choika zonse pa menyu. Nsima ikani. Gule ali ndi eni ake, ali ndi dambwe, ali ndi nthawi yake yotulukira, ndipo kuveka mlonda wanu chigoba kuti avinire alendo pa dziwe losambira kudzakudanitsani ndi mudzi wonse. Amene akufuna kuona mmene mwambo umafotokozedwera kwa alendo mwaulemu apite ku Mua, ku Kungoni, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Ndionjezeponso kuti Amalawi ambiri oyenda pa Khirisimasi kapena pa Isitala sakusaka kugona pamphasa, anakulira pomwepo. Kwa iwo traditional amagwira ntchito pa chakudya kuposa pa chipinda.

Heritage

Tanthauzo lake ndi cholowa. Ili simungalimange, mumalipeza. Mandala House ku Blantyre ndi ya 1882. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Stone House ku Livingstonia ndi ya 1903. Nyumba za m'maesiteti a tiyi, za mamishoni, za boma lakale ku Zomba, masitolo ena akale a amwenye ku Limbe, zimenezo ndiye zili ndi ufulu pa liwuli.

*Mtengo.* Waukulu ndiponso wosadziwika mpaka mutayamba. Mukachotsa siling'i mumapeza mawaya a nthawi ya atsamunda, mapaso odyeka, mwinanso malata a asibesitosi omwe fumbi lake limawononga mapapo.

*Kupezeka.* Nyumba zake n'zowerengeka, ndipo zambiri zili m'manja mwa boma, mipingo ndi makampani. Amisiri odziwa laimu ndi ochepa kuposa ofolera udzu.

*Kusamalira.* Cholakwa chofala ndi kumata simenti pa njerwa zakale. Njerwazo n'zofewa ndipo zinamangidwa ndi dothi kapena laimu kuti khoma lizitulutsa chinyezi. Simenti imachitsekera m'kati, njerwa n'kumafumbutuka kuseri kwa pulasitala wooneka bwino. Ngalande za padenga muziyeretse mvula isanagwe.

*Zoopsa.* Ngati nyumbayo ili pa mndandanda wa zipilala za dziko, lamulo la Monuments and Relics silikulolani kugumula kapena kusintha mwakufuna kwanu. Yambani mwafunsa ku nthambi yoona za nyumba zosungira zakale ndi zipilala. Musapeke chaka. Kulemba "Est. 1920" pa nyumba ya 1995 ndi kunamiza wogula, ndipo bungwe loteteza ogula la CFTC limalandira madandaulo otere. Chomaliza, chenjerani ndi mawu akuti "colonial charm" amene amakonda kutsagana ndi heritage. Khonde lalikululo linamangidwa m'masiku a thangata, thangata yemweyo amene anali pakati pa madandaulo a John Chilembwe mu 1915. Alendo ambiri a lero, akuno ndi akunja omwe, amalemekeza malo onena mbiri yonse, kuphatikizapo ya amene anaumba njerwazo.

Vintage, mwachidule

Ili ndi la katundu, osati nyumba. Linayambira ku zokolola za mphesa za vinyo, ndipo ku Britain galimoto ya vintage kwenikweni ndi yopangidwa pakati pa 1919 ndi 1930. Mtengo wake ndi wotsika ngati muli ndi diso: makina osokera a Singer, wailesi ya Nzeru, simbi yamakala, nyali yagalasi, mbale za enamelo. Zimapezeka m'nyumba za achibale ndi m'misika, ngakhale eni ake ayamba kuzindikira mtengo wake. Kusamalira ndi kupukuta fumbi ndi dzimbiri. Choopsa n'chakuti mukaunjika zambiri malo amaoneka ngati kwa okonza mawailesi. Ogulitsa kaunjika pa Instagram analitola kale liwuli, ndipo jekete yomweyo ikatchedwa vintage mtengo umakwera.

Ndani atenge liti

Muli kunyanja kapena pafupi ndi paki, mukumanga chatsopano, alendo anu ambiri ndi akunja: rustic, bola madzi otentha ndi ndalama za denga zikhalepo. Ngati ndalama za denga palibe, folerani malata, ikani siling'i ya bango, ndipo lembani "simple" m'malo mwake.

Muli ndi lesitilanti mu Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu ndipo makasitomala anu ndi apantchito ofuna nkhuku yachikuda ndi thobwa masana: traditional, ndipo liwulo likhale pa chakudya. Mwinanso dzina la Chichewa lokha likukwanirani.

Mwalandira kapena mwachita lendi nyumba yomwe chaka chake mungachitsimikize ndi zikalata: heritage, ndipo lembani chakacho.

Muli ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kapena zitatu kumapiri: fotokozani zomwe zilipo, khonde, maluwa, moto wamadzulo. Quaint musiyireni mlendo akalembe yekha.

Kakhofi ka m'tauni kofuna achinyamata ojambula zithunzi: vintage.

Olde worlde ndi wa munthu mmodzi yekha, amene ali kumalo ozizira, alendo ake ndi Angerezi, ndipo akudziwa kuti akuchita nthabwala yomwe iwo aimva. Ena nonse lisiyeni ku England. Ndipo inu a ku Leeds, ku Manchester kapena ku Nottingham amene makolo abwera kudzakuonani ndipo mukuwasakira kogona kumidzi ya kumeneko, mukaona liwuli pa malonda a hotelo dziwani kuti masitepe ndi opapatiza, pansi ndi popendekeka ndipo chikepe mwina mulibe. Ngati amayi amadandaula mawondo, funsani chipinda chapansi musanalipire.